Mimì sanafe ndi chikondi, anafa ndi chifuwa chachikulu

Pali mawu ena amene ife a Malawi okhala kunja timathamangira kulankhula tikafuna kutseka nkhani tisanaimve n'komwe. Mawu ake ndi akuti, "Za azungu izo." Wina akati tiyeni tikaonere zisudzo, za azungu izo. Wina akati mwana aphunzire kuyimba piyano, za azungu izo. Wina akati tiyeni tikayezetse m'thupi tisanayambe kudwala, nazonso akuti za azungu. Inetu mawu amenewa anditopetsa, ndipo lero ndikufuna kulimbana nawo pogwiritsa ntchito chinthu chimene ambiri a inu munganene kuti ndicho cha azungu chenicheni, opera ya ku Italy yotchedwa La bohème. Ine ndine namwino, ndipo ntchito yanga ndimagwira pakati pa anthu a ku Kawangware mumzinda wa Nairobi. Ndikunena mosapsatira kuti nkhani ya m'seweroli ndi yathu kuposa mmene ilili ya anthu ovala masuti amene amakaliwombera m'manja ku Milan kapena ku New York, ndipo tikapitiriza kulikana tikudzimana tokha.

Ndiyambe ndi kufotokoza kwa amene simunaionepo. Opera ndi sewero limene ochita ake salankhula koma amayimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza, gulu la oimba zida likuwaperekeza. Masewero otere anayambira ku Florence cha m'ma 1600, m'nyumba za mafumu ndi anthu achuma, koma sanakhalitse m'menemo. Mu 1637 ku Venice anatsegula nyumba yoyamba ya opera imene aliyense wokhala ndi ndalama ya pakhomo amatha kulowa. Pofika zaka za m'ma 1800, mipando yotsika mtengo ya m'mwamba mwenimweni inkadzaza ndi anthu wamba amene ankadziwa nyimbo zonse pamtima, ndipo woyimba akalakwitsa ankamukuwiza ngati mmene timakuwizira wosewera mpira akaphonya chigoli. Amene amati opera inabadwira anthu olemera okha akungodziwa mtengo wa tikiti wa masiku ano, mbiri yake sakuidziwa.

Amene anapeka nyimbo za La bohème ndi Giacomo Puccini, wobadwira ku Lucca mu 1858. Mawu ake analemba ndi Luigi Illica ndi Giuseppe Giacosa, potengera nkhani za mlembi wa ku France, Henri Murger, zokamba za achinyamata osauka a mu Paris. Puccini umphawi ankaudziwa, poti pamene ankaphunzira nyimbo ku Milan ankakhala moyo wa mwana wa sukulu wosowa, wogawana chipinda ndi anzake. Seweroli analionetsa koyamba pa 1 February 1896 ku Teatro Regio mumzinda wa Turin, ndipo wotsogolera oimba zida anali mnyamata wa zaka 28, Arturo Toscanini. Olemba nyuzipepala ena a ku Turin analinyoza, amvekere silidzapita patali. Koma chaka chomwecho linafika ku Buenos Aires, ndipo kumayambiriro kwa 1897 analionetsa ku Alexandria m'dziko la Egypt, kuno ku Africa. Mu April 1897 analiyimba ku Manchester m'Chingerezi, mwini wake Puccini ali pomwepo. Mfundo imeneyi muisunge, ndibwereranso: mwini nyimbo sanaone cholakwika kuti sewero lake liyimbidwe m'chinenero cha anthu oonera.

Tsono nkhani yake ndi yotani? Anyamata anayi akukhala m'kachipinda ka pamwamba penipeni pa nyumba mu Paris, cha m'ma 1830. Rodolfo ndi mlakatuli, Marcello ndi wojambula zithunzi, Schaunard ndi woyimba, Colline ndi munthu wa mabuku. Ndi usiku woti mawa ndi Khirisimasi, kukuzizira koopsa, nkhuni palibe, mpaka Rodolfo akuponya m'mbaula mapepala a sewero limene analemba kuti aothe moto. Mwini nyumba akugogoda kufuna lendi, iwo akumumwetsa vinyo, kumupusitsa, n'kumutulutsa osamupatsa kanthu. Anzake atatuluka, Rodolfo akumva kugogoda kwina. Ndi mtsikana woyandikana naye, Mimì, amene amadya za kupeta maluwa pansalu. Kandulo yake yazima. Wangokwera masitepe koma akupuma mwabefu, akuchita chizungulire, manja ake ndi ozizira. Oonera amati apa ndiye poyambira chikondi. Namwino aliyense akaona zimenezi amadziwa kuti apa ndiye poyambira fayilo ya wodwala.

Gawo lachiwiri ndi la chisangalalo pamalo odyera otchedwa Café Momus, pamene Musetta, chibwenzi chakale cha Marcello, akusiyira mkulu wina wachuma bilu ya gulu lonse. Koma gawo lachitatu ndi limene ndikufuna amuna a m'bungwe lino mulimvetse bwino. Papita miyezi iwiri, kunja kukugwa chipale, Mimì akutsokomola kosalekeza, ndipo Rodolfo wamusiya. Marcello atamufunsa chifukwa, Rodolfo akuyamba ndi kunena kuti mtsikanayo ndi wa maso a amuna, ngosakhulupirika. Atamupanikiza m'pamene akuulula zoona: Mimì akudwala kwambiri, chipinda chake n'chozizira, iye alibe ndalama, ndipo akuopa kuti mtsikanayo afera m'manja mwake. Kodi pali wina wa ife amene sanamuonepo mwamuna ameneyu? Mkazi akayamba kuonda, bambo amayamba kupeza zifukwa. Akuti ndi wamwano, akuti ankayendayenda, akuti apite kwawo akapume kaye. Pazaka zimene ndagwira ntchito ndaona amayi ambiri akubwera kudzatenga mankhwala ali okha, ndipo ukafunsa za abambo amangoyang'ana pansi. Puccini anamuika mwamuna ameneyu poyera zaka zoposa 120 zapitazo, ndipo anamupatsa nyimbo yokoma kuti timumvetse mantha ake, koma bodza lakelo sanalibise.

M'gawo lomaliza Musetta akumupeza Mimì mumsewu atafookeratu, n'kumukweza kuchipinda chija. M'nyumba mulibe chakudya, mulibe mankhwala. Musetta akuvula ndolo zake kuti zikagulitsidwe, apeze mankhwala ndi kuitana dokotala. Colline akuvula chijasi chake chakale kukapinyolitsa. Akumugulira Mimì kansalu kofunditsa manja. Dokotala wauzidwa, akuti akubwera. Mimì akumwalira mwakachetechete moti Rodolfo ndiye womaliza kuzindikira, ndipo sewero likutha dokotala uja asanaponde pakhomo. Mudziwerengere nokha zimene zamupha: chipinda chozizira chopanda mpweya wabwino, njala, ntchito ya malipiro ochepa, kuchedwa kufuna thandizo, ndi kachirombo ka chifuwa chachikulu. Chikondi sichinamuphe, ndipo chikondi sichinamupulumutse.

Apa ndiye pali mkangano wanga woyamba, ndipo ndi wa kwa eni nyumba zikuluzikulu za opera. Iwo anaitenga imfa ya mtsikana wosauka n'kuisandutsa chokongoletsera. Ku Metropolitan Opera ya ku New York, La bohème ndiyo opera imene yaonetsedwa kambirimbiri kuposa ina iliyonse, ndipo kuyambira 1981 akhala akugwiritsa ntchito kakonzedwe ka Franco Zeffirelli, kamene m'gawo lachiwiri kamadzaza bwalo ndi khamu la anthu pamodzi ndi kavalo ndi bulu amoyo. Anthu amawombera m'manja kukongola kwa bwalo asanamve ndi nyimbo yomwe. Mimì wa m'nyumba zoterezi amafa tsitsi lili lopesa, nkhope ili yowala, ngati akugona tulo ta masana. Ine ndaona anthu akumwalira ndi chifuwa chachikulu. Nthiti zimawerengeka, zofunda zimanyowa ndi thukuta usiku wonse, m'makhololo mumatuluka magazi, ndipo mphamvu yoti munthu amalize chiganizo chimodzi imasowa. Sindikunena kuti woyimba asiye kuyimba azitsokomola. Ndikunena kuti munthu wolira m'mpando wa madola mazana, n'kutuluka osadziwa kuti matendawa akuphabe anthu lero, wamva nyimbo koma sewero sanalione.

Chizolowezi chokometsera nthendayi n'chakale. Kalelo ku Ulaya ankaganiza kuti chifuwa chachikulu ndi matenda a anthu a mtima wofewa, alakatuli ndi atsikana okongola, ndipo Giuseppe Verdi anali ataika kale mkazi wofa nacho m'sewero lake La traviata mu 1853. Koma pofika nthawi ya Puccini zinthu zinali zitasintha. Pa 24 March 1882, Robert Koch analengeza ku Berlin kuti wapeza kachirombo koyambitsa matendawa, zaka 14 La bohème isanaonetsedwe. N'chifukwa chake tsiku la 24 March timakumbukira chifuwa chachikulu padziko lonse. Katemera wa BCG, uja anatisiyira chipsera paphewa, anayamba mu 1921. Mankhwala a streptomycin anapezeka mu 1943, isoniazid mu 1952, rifampicin m'zaka za m'ma 1960. Mimì analibe ngakhale amodzi mwa amenewa. Ife tili nawo onse, ndiye chodzikhululukira chathu n'chiyani? Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2023 anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala chifuwa chachikulu ndipo pafupifupi 1.25 miliyoni anamwalira. Matenda ochizika amenewo.

Tsopano ndikutengereni ku Kawangware, kuti muone chifukwa chimene ndikuti kachipinda ka Rodolfo sikali ku Paris kokha. Kawangware ili kuzambwe kwa Nairobi, m'dera la Dagoretti, moyandikana ndi Lavington kumene kumakhala anthu opeza bwino. M'mamawa anthu amatuluka m'madera a Congo, Gatina ndi 56, ena kukwera basi ya nambala 46, ambiri kuyenda pansi kukalondera mageti, kuchapa ndi kulera ana m'nyumba za ku Lavington. Akaweruka amabwerera m'zipinda za malata, chipinda chimodzi banja lonse, zenera laling'ono kapena lopanda n'komwe, mbaula ya makala ili mkati. Mwezi wa June ndi July ku Nairobi kumazizira ndithu, ndipo aliyense amatseka paliponse polowa mphepo. Kachirombo ka chifuwa chachikulu kamayenda mumpweya munthu akatsokomola, ndipo malo otsekeka, amdima, odzaza anthu ndiwo amene kamafalikira msanga. Kafukufuku wa boma la Kenya wa mu 2016 anapeza kuti mwa akuluakulu 100,000 alionse, 558 anali ndi chifuwa chachikulu, ndipo pafupifupi 40 mwa odwala 100 alionse sankafika m'kaundula wa chipatala. Sinthani dzina la Kawangware muike Ndirande, Mtandire, Mbayani, Kanyama ya ku Lusaka, kapena zipinda zimene abale athu amagona asanu asanu ku Johannesburg, nkhani ndi yomweyo.

Ndipo ife a Malawi nthendayi ndi mlendo wakale pakhomo pathu. Agogo athu amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela anabwerako ndi njinga, masutikesi ndi mawailesi, koma ambiri anabweranso ndi mapapo odzaza fumbi la m'migodi ndi chifuwa chosatha. Kumudzi tinkati ndi tsempho, tinkati ndi mdulo, tinkati alodzedwa ndi achibale a nsanje. Edzi itabwera, chifuwa chachikulu chinakwera nayo limodzi, ndipo manyazi anawirikiza, chifukwa aliyense wotsokomola ndi kuonda anthu ankamuweruziratu. Komatu dziko lathu lili ndi mbiri yonyaditsa pankhondo imeneyi. Njira yoti wodwala azimwa mankhwala pamaso pa womuyang'anira, imene WHO inadzaitcha DOTS n'kuifalitsa padziko lonse, anaiyesa ndi dokotala Karel Styblo ku Tanzania, ku Malawi ndi m'maiko ena ochepa, ndipo kwathu inayamba mu 1984. Azungu anaphunzira kwa odwala ndi anamwino a kwathu. Ndiye wina adzuke lero n'kumati nkhani ya mtsikana wofa ndi chifuwa chachikulu ndi ya azungu?

Anzathu a ku South Africa sanataye nthawi ndi funso limeneli. Gulu la Isango Ensemble la ku Cape Town, limene oyimba ake ambiri ndi ochokera m'makomboni, linayamba latenga opera ya Chifalansa, Carmen, n'kuiyimba m'Chixhosa. Filimu yake, U-Carmen eKhayelitsha, yokhala ndi Pauline Malefane, inapata mphoto yaikulu ya Golden Bear ku Berlin mu 2005. Mu 2012 anatenga La bohème yomweyi, mothandizana ndi Global Fund, thumba lija lolimbana ndi Edzi, chifuwa chachikulu ndi malungo. Nyimbo za Puccini anaziyimba ndi malimba m'malo mwa mavayolini. Mu 2015 anatulutsa filimu yake, Breathe Umphefumlo, yotsogozedwa ndi Mark Dornford-May, nkhani yonse ataisamutsira ku Khayelitsha, limodzi mwa madera amene chifuwa chachikulu chinazika mizu kwambiri padziko lapansi. Kumeneko woyimba safunika kuuzidwa mmene wodwala amapumira, anaona kunyumba kwawo. Ngakhale ku America, Jonathan Larson anatenga nkhani yomweyi n'kuiika mu New York ya nthawi ya Edzi m'sewero la Rent mu 1996, patatha zaka 100 ndendende. Aliyense amene nthenda yamukhudza amalizindikira seweroli kuti ndi lake. Ife tokha ndi amene tikuchita manyazi.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena kale. Mukuti, "Mayi inu, anthu akugona ndi njala, inu mukukamba za opera?" Funso limeneli limafunsidwa ndi anthu okhuta, pofuna kusankhira osauka zimene ziwayenera. Kuno ku Dagoretti komweku, bungwe la AMREF ndi katswiri wa zisudzo wa ku Italy, Marco Baliani, anagwira ntchito ndi anyamata makumi awiri a m'misewu, aja amawatcha machokora, n'kukonza sewero la Pinocchio Nero limene anakaonetsa ku Italy mu 2004. Anyamata amene anthu ankawathamangitsa pamsika anakaimirira pamaso pa anthu a ku Rome. Ku Korogocho, mbali ina ya Nairobi, pulogalamu ya Ghetto Classics imene anayambitsa Elizabeth Njoroge yakhala ikuphunzitsa ana kuyimba vayolini ndi malipenga pafupi ndi dzala lalikulu la Dandora. Pretty Yende, mwana wa m'tauni yaing'ono ya Piet Retief, anamva opera koyamba pa kanema, m'kutsatsa malonda kwa kampani ya ndege, ali ndi zaka 16, ndipo mu 2023 anayimba pa mwambo wolonga ufumu Charles ku London. Palibe mmodzi mwa ana amenewa amene anadikira kuti ayambe walemera. Kumaliro kwathu, kumene kulibe ndi shuga yemwe, timayimba usiku wonse. Nyimbo sizinadikirepo kuti nkhokwe idzaze.

Ena mukuti chikhalidwe cha atsamunda ichi, tili ndi magule athu. Mbali ina mukunena zoona, ndipo sindikubisa. Dziko la Italy lomwelo linathira Ethiopia nkhondo mu 1935 ndi kupha anthu ndi mpweya wa poizoni. Nyumba za opera zinatseka zitseko kwa oyimba akuda kwa zaka zambiri, moti Marian Anderson anayimba koyamba ku Metropolitan mu 1955 ali ndi zaka zoposa 50. Posachedwa pomwepa, mu 2022, ku Verona ankapakabe oyimba achizungu utoto wakuda kumaso m'sewero la Aida, mpaka woyimba wakuda wa ku America, Angel Blue, anakana kukayimba kumeneko. Zonsezi n'zoona. Koma yankho la munthu amene anamutsekera kunja si kunena kuti m'nyumbamo munalibe kanthu. Mpira unachokera ku England, koma Bullets ikamasewera ndi Wanderers palibe amene amati za azungu. Nyimbo zambiri za m'buku la kutchalitchi kwathu maimbidwe ake anachokera ku Scotland ndi kwina kutsidya, koma amayi a Mvano akaziyamba pamaliro timalira nazo ngati anapeka ndi agogo athu. Chimanga chenichenicho chinachokera ku America. Pajatu akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo timalandira, n'kumeta mutu wathu mmene tikufunira.

Ndipo ndani anati sewero loyimba ndi lachilendo kwa ife? Nthano ya agogo pamoto inkaima pakati n'kulowa nyimbo, ife n'kumavomera. Mtondo wa amayi unali bwalo la milandu, mkazi akuyimba madandaulo ake apongozi akumva. Gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College linkapita m'midzi ndi masewero a zaumoyo m'Chichewa. Du Chisiza Jr ndi Wakhumbata ankadzaza maholo, a Kwathu nawonso, ndipo a Nanzikambe anatengapo masewero a Shakespeare ndi Ibsen n'kuwaveka zovala za kwathu. Makwaya athu amayimba mawu anayi osaona pepala. Chichewa, monga Chitaliyana, mawu ake amathera ndi a, e, i, o, u, ndipo woyimba aliyense adzakuuzani kuti zimenezi ndi zimene zimalola mawu kutalika ndi kumveka kutali. Ngati anthu a ku Manchester anamva La bohème m'chinenero chawo Puccini ali moyo, ndipo a ku Khayelitsha anaimva m'chawo, chikuletsa n'chiyani kuti Mimì akhale Nabanda wosoka malaya pakhonde la sitolo ku Ndirande, Rodolfo akhale mnyamata womaliza sukulu wosowa ntchito, magetsi azime m'malo mwa kandulo? Puccini anamwalira mu 1924, nyimbo zake za m'seweroli sizifunanso chilolezo cha wina aliyense.

Mkangano wanga waukulu ndi wa kwa ife eni, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. M'mabungwe athu a kunja kuno, uthenga wa maliro ukangofika ndalama zimasonkheka usiku umodzi. Bokosi, ndege, maluwa, basi yonyamula anthu kuchokera ku Chileka kapena ku Lilongwe, zonse zimatheka. Izi n'zabwino ndipo tisasiye. Koma munthu yemweyo pamene ankatsokomola miyezi itatu, akuonda, akujomba kuntchito, tinali kuti? Tinkanong'onezana kuseri. Tinkachotsa kapu imene wamwera, chonsecho chifuwa chachikulu sichiyenda pakapu kapena pambale. Iye naye ankabisa, kuopa kuchotsedwa ntchito, kuopa mapepala, poti aliyense akudziwa kuti wochokera ku Malawi kapena ku Kenya wofuna kukakhala ku Britain kupitirira miyezi isanu ndi umodzi amayenera kuonetsa chikalata choti anayezedwa chifuwa. Mantha amenewa ndi enieni, koma amapha. Anthu a kuno ali ndi mwambi wa Chiswahili wonena kuti wobisa matenda imfa imamuulula. Anzake a Mimì, osauka ngati mbewa za m'tchalitchi cha kumudzi chopanda denga, sanamuthawe. Anamugoneka pabedi lawo, wina anagulitsa ndolo, wina chijasi. Cholakwa chawo chinali chimodzi, anachita zonsezi tsiku lomaliza. Ife timachita zonsezi tsiku lotsatira lomalizalo.

Kuopseza odwala nakonso kunayesedwa ndipo kunalephera. Mu 2010 ku Kapsabet kuno ku Kenya anthu ena anawatsekera m'ndende chifukwa chosiya kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu. Pa 24 March 2016 khoti lalikulu la Kenya linagamula kuti kutsekera odwala m'ndende n'kosemphana ndi malamulo a dziko. Taganizani, kutenga munthu wopatsirana matenda a mumpweya n'kumuika m'chitokosi chodzaza anthu. Chimene chimabweretsa wodwala kuchipatala ndi kudziwa kuti akamubwezera ulemu wake ndipo anzake sadzamusala. Timapepala ta zaumoyo timagawa tsiku ndi tsiku, ndipo timakathera kukulungira mandasi. Koma munthu amene waona mtsikana wa msinkhu wa mwana wake akufa pabwalo, nyimbo ikumulowa m'mafupa, amapita kunyumba akuganiza za m'bale wake amene akutsokomola kuchipinda. Ntchito imeneyi ife anamwino sitingaithe tokha.

Zoti mudziwe n'zochepa ndipo n'zosavuta. Chifuwa chopitirira masabata awiri, kutentha thupi, thukuta la usiku, kuonda popanda chifukwa, pitani mukapereke makhololo. Makina a GeneXpert, amene WHO inawavomereza mu 2010, amapereka yankho m'maola awiri okha ndipo amaonetsanso ngati kachiromboko kakukana mankhwala a rifampicin. Chifuwa chachikulu wamba chimachizika m'miyezi isanu ndi umodzi, miyezi iwiri yoyamba mankhwala a mitundu inayi, miyezi inayi yotsatira mitundu iwiri. M'zipatala za boma ku Malawi ndi ku Kenya mankhwalawa ndi aulere. Wodwala akayamba kumwa bwino, pakangotha masabata ochepa kupatsira ena kumachepa kwambiri. Choopsa ndi kusiyira panjira munthu akayamba kupeza bwino, chifukwa m'pamene pamabadwa chifuwa chokana mankhwala. Onse okhala naye nyumba imodzi, makamaka ana aang'ono ndi amene ali ndi HIV, ayezedwe. Ndipo tsegulani mazenera, ngakhale kuzizire.

Tsono ndikupempha zinthu zitatu kwa akuluakulu a bungwe lathu ndi kwa inu nonse owerenga. Choyamba, pamsonkhano wathu wina, m'malo mwa zokamba zazitali zija, tipeze La bohème tionere limodzi, ya ku Italy yokhala ndi mawu omasulira pansi kapena ya ku Khayelitsha, ana athu ali pomwepo. Nyimbo zake zonse sizikwana ndi maola awiri omwe. Tikatha tikambirane za Rodolfo, amuna ayankhe. Chachiwiri, pambali pa thumba la maliro pakhale thumba la odwala, loti munthu amene ali pa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi apeze chakudya ndi lendi, chifukwa mankhwala aulere pamimba yopanda kanthu ndi amene anthu amawasiya. Chachitatu, pakati pathu pali aphunzitsi a Chichewa, otsogolera makwaya, ndi achinyamata odziwa kuyimba zida. Mutu umodzi susenza denga. Khalani pansi muyese gawo lomaliza lokhalo m'Chichewa, anthu asanu ndi mmodzi, bedi limodzi ndi malimba, ndipo mukalikonza mulitumize kumudzi likaonetsedwe pa 24 March.

Amene mukufuna kunditsutsa, tsamba lino ndi lathu tonse, lembani ndidzawerenga. Koma muyambe mwaonera seweroli mpaka kumapeto, ndipo mundiuze ngati m'banja mwanu simunafe munthu dokotala ali m'njira.